Chingwe n'cha Mbuzi

Lolemba, 3 Malichi

Tayamba. Kalasi yake ndi chipinda cha pamwamba pa sitolo ya zitsulo, mipando ya pulasitiki, fani yozungulira ngati akuchita kuikakamiza. Akazi tilimo awiri okha, ine ndi aphunzitsi. Cholembera chandipweteka chala kuposa chipande chomangira chomwe ndagwira zaka zonsezi.

Abwana ananena mosapita m'mbali: kapitawo wathu akupuma, ndikakhoza maphunziro a zachitetezowa chipewa choyera cha ukapitawo n'changa. Ndikalephera abweretsa munthu wakunja, ine ndizingopaka pulasitala mpaka msana upindike.

Aphunzitsi ndi mayi wamfupi, koma mawu ngati makina osakanizira konkire. Anafunsa kuti ntchito yaikulu ya kapitawo n'chiyani. Wina akuti kugawa ntchito. Wamawaya, mkulu wa zamagetsi wodziwa zonse yemwe wakhala pambali panga, akuti kukalipa. Aphunzitsi: "Kuimitsa ntchito. Kumuimitsa aliyense, angakhale bambo ako okubala." Kalasi yonse inafa nalo phwete. Ine sindinaseke, ndinaganiza za amalume.

Lachiwiri, 4 Malichi

Lero makwerero ndi nsanja. Zithunzi za ngozi zomwe ationetsa, eee, n'zoopsa.

Amalume ndi amene anandilowetsa pasaiti anthu akunena kuti mkazi sangamange khoma lowongoka. Anandigwira dzanja, kundiphunzitsa kagwiridwe ka chipande. Ndiye ine ndizikawalamula? Pasaiti amawatchula a Gologolo, chifukwa nsanja amaikwera ngati akukwera pabedi. Chipewa chawo cholimba chija amasungiramo misomali. Lamba wodzimangirira akakhala pamwamba akuti ayi, chingwe n'cha mbuzi, iwo si mbuzi. Kapitawo wakaleyu anatopa nawo kalekale.

Ndafika kunyumba ndapeza bambo a ana asanjikiza mpando patebulo, akusintha babu. Ndakuwa mpaka anatsala pang'ono kugwa chifukwa cha kukuwako. Akuti, "Mayi, ukapitawo wanuwo uzithera pageti."

Lachitatu, 5 Malichi

Manyazi lero! Aphunzitsi anakwera pampando, akuti ndine mmisiri wamakani, ndili pamwamba opanda lamba, unditsitse. Wamawaya anabangula mpaka a m'sitolo pansi anamva. Itafika nthawi yanga, manja kumbuyo, bondo lapinda lokha: "Pepanitu, kaya ngati n'kotheka, mwina mungatsikeko pang'ono..."

Aphunzitsi anadzigwetsa pansi, miyendo m'mwamba. Akuti, "Pepani wanuyo asanathe ine ndagwa kale, akundiyeza bokosi." Ndinaseka nawo. Kodi ndichite bwanji, poti ndinaleredwa choncho?

Lachinayi, 6 Malichi

Chithandizo choyamba. Ndatsindika chidole pachifuwa mpaka chalira kuti thwa. Aphunzitsi akuti mphamvu ndili nazo, vuto ndi pakamwa basi.

Loweruka, 8 Malichi

Kulibe kalasi, ndinapita kusaiti. Maso angawa aonongeka, paliponse ndikuona ngozi: waya m'madzi, dzenje losatchinga, thabwa la misomali yoloza kumwamba. Zonsezo ndakonza, palibe wanditsutsa.

Kenako amalume, pamwamba penipeni, dazi pamtunda, akuimba. Ndinaima pansi pa nsanja, mawu onse a m'kalasi ali pakamwa. Atandiyang'ana n'kumwetulira, chomwe chinatuluka n'chakuti, "Mwaswera bwanji amalume?"

Ndipo ndinaona chinthu. Potembenuka kuti atenge njerwa phazi lawo linaphonya pang'ono, n'kugwira chitsulo msangamsanga. Anapitiriza nyimbo ngati palibe chachitika. Palibe wina anaona. Gologolo uja wakalamba, ndipo ndachita mantha.

Kumpopi ndinamva oyendetsa wilibala akunong'ona: "Ameneyo angatsitse malume ake? Tidzaona."

Lamulungu, 9 Malichi

Bambo a ana ndawamanga mabandeji mutu, mkono ndi bondo, kuyeserera mayeso. Mlamu wanga analowa osagogoda, kuwaona, n'kuyamba kulira. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Bambo a ana akuti ndiyesere pa iwo kutsitsa munthu. Ndinawakalipira bwinobwino, mawu osanjenjemera. Iwo: "Mwaona? Kwa ine ndiye mumakhoza tsiku lililonse."

Lolemba, 10 Malichi

Mayeso olemba. Zozimitsira moto ndasokoneza pang'ono, zina zonse zayenda. Mawa a pasaiti, akubwera mkulu woyesa wochokera kulikulu.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kaya. Mwina ndadziphera ndekha.

Anatitengera kusaiti ya kampani ina. Aliyense payekha amavala chipewa choyera, kulandira woyesa pageti, n'kumuyendetsa akumuonetsa zolakwika zomwe waona. Enafe timadikira mu kontena. Wamawaya anabwerako mano onse pamtunda, akuti mdalayo ndi wabwino zedi, ndamunyamulira ndi chikwama chomwe.

Nthawi yanga. Mdala wa suti, nsapato zosongoka zonyezimira, aphunzitsi ali pambuyo pake. Mdalayo anandipatsa moni wa manja awiri, "Mwana wanga, tiye undionetse," n'kuyamba kulowa. Ine pambuyo ngati kamwana ka nkhuku. Nditakweza maso ndinaona dazi lawo likuwala padzuwa, kutsogoloko anthu akukweza njerwa pa chingwe. Dazi lenileni la amalume.

Sindikudziwa kuti miyendo inandifikitsa bwanji kutsogolo kwawo. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Bambo, imani pomwepo. Simulowa opanda chipewa ndi jombo."

Nkhope inasintha. "Iwe, ukudziwa kuti ndine ndani? Satifiketi yakoyo amasaina ndine."

"Ine ndikukudziwani bambo. Njerwa ndi imene sikukudziwani."

Anabwerera pageti, kulemba kenakake. Ndinawabweretsera chipewa ndi jombo za alendo, anavala akung'ung'udza. Kuyendera konse sanasekenso. Dzenje, mawaya, makwerero osamangirira, zonse ndinaloza, iwo "mm" basi. Aphunzitsi osandiyang'ana n'komwe.

Bambo a ana akuti munthu wokusainira pepala sumubweza pageti ngati wogulitsa mabulumu. Kenako aona nkhope yanga, andiphikira tiyi.

Lachitatu, 12 Malichi

Kudikira. Ndachapa ndi zoyera zomwe.

Lachinayi, 13 Malichi

NDAKHOZA!

Kani mayeso enieni anali pageti paja! Mdala uja amachitira dala, nsapato zosongokazo amasungira tsiku la mayeso. Onse amene anamulowetsa choncho abwereza mwezi wamawa, Wamawaya ndi chikwama chake chomwe. Wandimvetsa chisoni, wakhala chete koyamba chiyambire. Koma wandigwira chanza, akuti, "Asisi, ulemu wandigwetsa."

Mdalayo popereka satifiketi anali wina, kuseka ngati tinakulira limodzi. Akuti ya njerwa ija aziinena m'makalasi ena. Aphunzitsi anandikumbatira, mutu wawo kulekeza pachifuwa panga, n'kundinong'oneza: "Uyu anali mlendo. Wovuta ndi amene umamukonda." Sindinawauzepo za amalume, kaya anadziwa bwanji.

Kunyumba ana avina ndi satifiketi mpaka ndawalanda. Bambo a ana akufuna kuikhoma pakhoma, ndawauza kuti akabwereke makwerero kaye.

Lolemba, 17 Malichi

Chipewa choyera n'chopepuka m'manja, pamutu n'cholemera. Abwana anandionetsa kwa anthu, m'manja munaombedwa, aliyense kumalo ake.

Sipanatenge nthawi. Nyimbo ija pamwamba pa nsanja. Oyendetsa wilibala anaima dala, kudikira.

Ndinapita ndi lamba m'manja. Sindinapinde bondo, koma sindinakuwenso.

"Amalume, siyani chipande. Tsikani."

"Ukuti chiyani mwana wa mlongo wanga?"

"Ndaimitsa ntchito pansanjapo. Simukweranso opanda lamba ndi chipewa."

Makina a konkire anazimitsidwa, kaya ndi ndani. Saiti yonse zii.

"Chingwe n'cha mbuzi," anatero, koma motsitsa.

"Loweruka lija ndinaona phazi lanu, amalume." Izi ndinanena chapansipansi, kuti amve okha.

Anayang'ana kumwamba, kuyang'ana ine. Kenako anayamba kutsika, pang'onopang'ono, osati ngati gologolo. Atafika pansi anatola chipewa chawo, kukhuthulira misomali yonse m'ndowa, kuchigogoda pabondo kuti fumbi lichoke, n'kuvala. Wina anayamba kuseka, iwo kungomuponyera diso, kuseka kunathera pomwepo.

Anatambasula manja ngati mwana wofuna kuvekedwa malaya.

"Chinthu chanuchi amamanga bwanji, a kapitawo? Ndionetseni."

Ndinawaveka m'mapewa, m'chiuno. Lamba ndinakoka mpaka pabowo lomalizira, anali akadali wokhwepa. Sindinkadziwa kuti anaonda chonchi.

"Kokanso," anatero. "Mbuzi yake ndi yokalamba, ingakuthawe."