Zitsa za Bambo Musazule

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi, chotupa chija chinaphwa? Ine kuno ndilipo, kungoti manja ang'ambikang'ambika ndi madzi ozizira.

Ntchito ndi yomwe ija, ya kumalo ofufuzira za mitengo ndi dothi. Anzathu amakumba maenje m'nkhalango n'kubweretsa dothi m'matumba. Ine ndimatsuka mizu pa sefa, kuiumitsa mu uvuni, n'kuiyeza pa sikelo. Sabata yatha kunabwera dothi la malo awiri. La m'nkhalango linali lakuda bii, mizu yokhayokha. La pomwe anazulapo zitsa zaka zisanu zapitazo linali lotuwa mbuu ngati phulusa.

Abwana athu, omwe timawatcha a Magalasi, anatiuza kuti mtengo umakoka mpweya wa kaboni, uja wotenthetsa dziko, n'kuusunga. Wina umakhala m'thunthu ndi m'nthambi, koma wambiri ndithu umabisala pansi, m'mizu ndi m'dothi lakudalo. Akuti ukadula n'kusiya chitsa, mizu siifa ndipo chimaphukira. Ukazula n'kugaula, zosungidwazo zimauluka.

Achimwene, ndinalira pasinki pomwepo. Mukukumbukira mmene tinkawasekera malemu bambo? Ankadula mtengo cha m'mawondo n'kusiya chitsa, ife n'kumati ndi ulesi. Ine ndiye ndinali patsogolo, pakamwa pangapa, mpaka kuwapatsa dzina loti a Chitsa. Iwo ankangoyankha kuti mtengo weniweni uli pansi. Anapita osamva pepani wanga.

Tsopano alamu andilembera kuti mwapangana ndi mwini thirakitala kuti azule zitsa zonse m'nkhalango ya bambo mwezi uno usanathe. Ndikudziwa, ana achuluka, munda wachepa, ndipo ndine ndinakulimbikitsani chaka chatha. Ndinalakwa. Pempho langa ndi limodzi: chonde musazule. Dulani mphukira zokhwima, limani m'mipata, koma zitsazo zisiyeni. Paja madzi akatayika saoleka.

Makalata ochoka kuno amachedwa, ndiye mtima wanga suli m'malo. Ngati kalata iyi yapeza thirakitala itadutsa kale, musandibisire. Mungondisungira chitsa chimodzi, chija bambo ankakhalapo ponola nkhwangwa. Musachiotche makala. Ndidzabwera kudzapepesa pamenepo.

Moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi ana onse. Amayi musawauze kuti ndinalira.

Ndine mlongo wanu,
mzime wa a Chitsa