Tulani Pansi Udindo, Amayi

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko?

Ife kuno ku Mphunzi tilipo. Kachewere chaka chino anapsa ndi chiwawu, koma nyemba zinayesetsa. Mng'ono wanga Enelesi anachira bwino, ndi mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu. Akamalira amakwinya pamphumi ndendende mmene munkachitira wina akachedwa pamsonkhano.

Chandilembetsa ndi bungwe lanu lija. Titangokuikani, a bodi anandisankha kukhala wapampando. Palibe anafunsa ngati ndingathe, chinawakwanira n'chakuti ndine mwana wanu wachisamba. Koma pampando wanu wathabwa uja palibe amene amakhalapo. Timaupukuta, timauika kutsogolo, ine n'kukhala pabenchi pambali pake ngati mlendo.

Chipupa chakumtunda cha sukulu yathu yamkombaphala chang'aluka, Amayi. Madzi otsika m'phiri adya maziko. Mng'aluwo unayamba ngati ulusi, lero ndikulowetsamo dzanja lonse, ndipo ana amagona masana m'munsi mwa chipupa chomwecho. Bambo wina wa ku boma anabwera, anayang'ana, nanena kuti mvula yoyamba ikatipeza mmenemo atseka. Kutchalitchi atibwereka holo, ulere. Inu mukanasamutsa miphika tsiku lomwelo. Ife takhala misonkhano inayi, ndipo mlembi wathu, aPhiri, amangolemba mawu amodzimodzi: tagwirizana kudikira.

Mukudziwa chikutidikiritsa? Ndinu. ANachisale, mnzanu amene munkaumba naye njerwa za sukuluyi, akuti mumawabwerera kumaloto. Akuti mumangoima pakhomo la sukulu osayankhula, ndiye iwo amamasulira kuti simukufuna tisamuke. Akangotero, bodi yonse imatembenukira kumpando wanu. Ine ndimatsegula buku la malamulo limene munalembetsa nokha, ndime ya maloto osaipeza. APhiri, osaseka n'komwe, anandifunsa kuti malotowo awalembe pamutu uti.

Chimandipweteka n'chakuti msonkhano ukatha a bodiwo amandipeza mmodzimmodzi kudimba, kundiuza kuti ndikunena zoona, kungoti iwo sangatsutse malemu. Munkakonda kunena kuti, “Mutu umodzi susenza denga.” Mitu tilipo isanu ndi iwiri, Amayi, ndipo denga latsala pang'ono kutigwera tonse.

ANachisale sindikuwada. Zala zawo zinapindika ndi njerwa zimenezo, ndipo akuopa kuti tikachokamo mwafa kachiwiri. Koma nsanje ndili nayo, ndisakubisireni. Zaka ziwiri zathunthu mukuyendera mnzanu, ine mwana wanu ngakhale kamodzi? Ndinakulakwirani chiyani?

Loweruka likubwerali tivota, ndakana kudikiranso. Atatu akufuna kusamuka, atatu akukana, voti yomaliza ndi yanga. Ndikati tisamuke, aNachisale ndi anzawo awiri anena kale kuti atuluka m'bodi. Ndi omwewo amene amayenda khomo ndi khomo kupempha chimanga, ndi omwewo amene amaphika phala. Malamulo anu amati bodi singakhale pansi popanda anthu asanu, ndiye titsala anayi, osatha ngakhale kutsegula msonkhano. Ndapempha aphunzitsi, ndapempha namwino wathu, ndapempha ana a Enelesi akuluakulu aja. Onse amayamikira ntchito yabwino, kenaka n'kuyang'ana kumbali. Ndikati tidikire, boma litseka, ndipo umenewo ndiye mwayi, chifukwa chipupa chikhoza kuyamba ndicho kugwa boma lisanatseke.

Choncho kulikonse ndingaloze, bungwe lanu likufera m'manja mwanga. Ndayesa kuona njira yachitatu, palibe. Ndili ndi mantha, ndiponso manyazi, poti anthu adzati mayi anamanga, mwana anapasula. Ndikadandaula ndili mtsikana munkangoti, “Mutu ukakula sulewa nkhonya.” Wakula, Amayi, nkhonyazo ndikuzilandira. Ndivotera kusamuka. Bola anditukwane kusiyana n'kukafukula mwana wa munthu m'njerwa zanu.

Pempho langa ndi limodzi. Munagwira ntchito yanu, inatha. Tulani pansi udindo. Ngati n'zoona kuti mumayenda, pitani kwa aNachisale Loweruka lisanafike, ndipo ulendo uno mutsegule pakamwa. Kapena, poti kumeneko mwina simuloledwa kuyankhula, mukangoima pakhomo la holo, iwo amasulira okha. Sindikukhulupirira kuti zichitika, koma palibenso wina woti ndimupemphe.

Mitambo yayamba kusonkhana madzulo cha ku Lobi. Anthu akuti mvula ifulumira chaka chino.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale mukundivuta chonchi. Ndikulonjeza kuti Lolemba m'mawa, kaya nditsala ndekha, ana ndikawalowetsa m'holo ndipo phala ndikaphika, mpaka tsiku limene ufa udzathere. Mpando wanu ndiusenza pamutu ndekha kukafika kumeneko. Ndikakautula, mundikhululukire, ndikakhalapo.

Ndine mwana wanu,
Rozina