Mawu a Dokotala mu Kope la Dorika

Ndake, Nyimba
4 Juni 2023

Okondedwa alamu a Josphat,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi amai ndi ana kumeneko ku Kitwe. Ife kuno tadzuka. Alongo anu, amake Dorika, ayamba kuyenda okha mpaka ku chitsime, ngakhale sitinawalole kusenza kanthu.

Pa foni ndinakuuzani kuti matenda awo ndi aang'ono. Sizinali choncho, ndipo ndalemba kuti mumve zonse kwa ine mwini.

Pa 2 Meyi, Lachiwili, tinapita nawo ku chipatala. Dokotala amene anawapima amalankhula Chingelezi chokha. Changa chinathela mu giledi 6, choncho ndinalowa ndi mwana wathu woyamba Dorika, amene ali giledi 9. Amake anali atatuluka kukapuma pa benchi. Dokotala akulankhula, mwanayo ankalemba mu kope. Kenaka Dorika anandimasulila kuti m'mimba muli chotupa, ndipo tibwelele pa 16 Meyi akachite opaleshoni.

Alamu, thonje linali litayela munda wonse, maekala awili, otola tili atatu basi. Mudziwanso kuti kwathu kuno wodwala sitimuuza mawu olemela. Ndinauza alongo anu kuti dokotala wati palibe choopsa, tidzapita tikatha kutola. Mwambo unalipo, koma chimene chinali pamtima panga ndi thonje.

Dorika anandimva, nakhala chete masiku asanu. Pa Sabata, pa 7 Meyi, alongo anu aakulu a Rita anabwela kudzaona wodwala, ine ndi kubweleza mawu omwewo. Apo mwanayo anagwada patsogolo panga ndi kope lake, napempha kuti ndimulole alankhule.

Anati aphunzitsi a Chingelezi anawaphunzitsa njila ziwili zonyamulila mawu a munthu. Ina umawanena monga anatulukila m'kamwa mwake, ndi kuwatsekela m'tizizindikilo. Ina umafotokoza ndi pakamwa pako kuti uje wati chakuti, koma nkhani isachepe panjila. Ndiye anati popeza atate afotokoza kale, iye apempha kuwelenga za m'tizizindikilo. Anawelenga m'Chingelezi, natembenuza: "Musapitilile pa 16 Meyi. Mukachedwa, mayiyu tikhoza kumutaya."

A Rita anandifunsa ngati thonje ndilo linandibalila ana asanu. Anati ngati ndi telo, ndinyamule mphasa ndizikagona nalo kumunda. Amake Dorika sanandikalipile. Anangofunsa mwanayo kuti kwatsala masiku angati, iye nati asanu ndi anayi.

Pa 16 tinali pa chipatala 7 koloko m'mawa. Opaleshoni inachitika pa 18, anatuluka pa 25. Thonje lina linagwa pansi, lotsala anatithandiza kutola anzathu a ku tchalitchi.

Manyazi ndinachita, sindibisa. Koma mwana ameneyu sananditche wabodza, sanakweze mawu, sanapite kukandinena kumbali. Anandipempha ine mwini, pamaso panga. Ndikamuona m'mawa akupita ku sukulu ndi mabuku ake, ndimaima kaye ndi khasu mpaka atakhota pa mlatho.

Tsopano pempho langa ndi ili. A Rita akuti nkhaniyi idzakambidwe mukabwela mu Ogasiti, inu monga amalume a ana. Ndidzakhala pansi ndi kumva chilichonse mudzandiuze. Koma abale ena a kwathu akuti mwana anachititsa atate ake manyazi pamaso pa akuchikazi, ayenela kulangizidwa. Chonde, alamu, musadzavomele zimenezo. Mlandu ndi wanga ndekha. Akadaopa ine tsiku lija, kalata iyi ikanakhala ya uthenga wina.

Mundipelekele moni kwa amai, kwa mwana wanu Eddie ndi ang'ono ake onse. Alongo anu akuti musade nkhawa, chilonda chikuuma bwino. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mlamu wanu,
Vitalis Lungu