Mwana Amene Munandibwezera

Okondedwa akulu anga,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi ana, ndiponso kuti mwendo uja unasiya kutupa. Ine ndilipo, koma mwana wanu Mapazi wagonekedwa m'chipatala.

Tsiku limene anatsika basi kuchokera kwanuko ndinachita kumudziwira mayendedwe, poti thupi linali litatheratu. Chakudya osakhudza, tulo osabwera. Ndinkangoti kaya n'kutopa ndi ntchito ya kugalaja kwa alamu.

Lachiwiri masana ndili pamakina osokera, ndinamva akuphwanya wailesi. Akuti m'wailesimo munali anthu omumvetsera. Kenako anatola sizasi yanga n'kuyamba kudzibaya pamkono, akuti akutulutsa nyerere zoyenda pansi pa khungu. Aneba ndiwo anandithandiza kumukweza m'galimoto.

Kumene amalandirira odwala mwadzidzidzi kunali kodzaza, uyu wathyoka mwendo, uyu mwana akubanika. Onse anaiwala ululu wawo n'kumaonerera mwana wanga akugubuduza tebulo la mankhwala. Alonda anamupanikiza pansi, anamwino n'kumumangirira pabedi manja ndi miyendo, kenako jakisoni. Ankakuwa kuti ine ndatumidwa kudzamupha. Ine amene ndinamubereka kumsana mpaka atayamba sukulu.

Adokotala anandifunsa ngati amagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Ndinalumbira, akulu. Ndinati ngakhale fungo la mowa salidziwa, amakhala ndi mayi ake aakulu, munthu woti Baibulo silichoka m'manja. Atamuyeza mkodzo, ndinasowa koloza maso. Anati ndi methamfetamini, timiyala toyera ngati mchere, timene amasuta kuti tulo tithawe. Mutu wake mwina ubwerera, mwina ayi, anati tidikire.

Atatsitsimuka anandiuza yekha, akulira. Akuti magalimoto akachuluka, alamu amagawira anyamata onse timiyalato kuti ntchito isaime. Akuti tsiku lina inu munamupeza akusuta kuseri kwa mulu wa matayala, ndipo munamugwira dzanja n'kumupempha kuti asandiuze, chifukwa nkhani ikatuluka banja lanu litha. Atayamba kulankhula yekha, munamukweza basi kuti akapume kwa mayi ake.

Za alamu sindikudabwa, fisi sasintha mawanga. Koma inu? Tinayamwa bere limodzi. Bambo ake atamwalira, ndinu munati ndikupatseni mwanayo akaphunzire zamakaniko m'manja mwa abale. Ndikaimba foni munkaseka, mumvekere akunenepa, zitseko zayamba kumuchepera. Mukanangondinong'oneza mawu amodzi, ndikanabwera ngakhale wapansi.

Chipepeso sindikuchifuna. Kugalajako kwatsala ana a eni, nawonso ali ndi amayi awo amene akulumbira ngati mmene ndinalumbirira ine. Auzeni. Mukapanda kutero, ndibwera ndidzawauze ndekha, ndipo sindidzalowa pakhomo panu.

Pano amusamutsira kuwodi ya odwala maganizo. Wayamba kudya pang'ono, koma supuni ndimachita kumugwirira. Dzulo anandifunsa ngati mwamukwiyira poti waulula. Ndinangomupukuta pakamwa. Bwerani mudzamuyankhe nokha, amatilola kulowa masana.

Mulungu akusungeni, ndipo andipatse mtima woti ndidzathe kukuyang'anani. Mundiperekere moni kwa ana onse ndi kwa azakhali, koma azakhaliwo musawabisire. Alamu musawapatse moni wanga.

Ndine mng'ono wanu,
Amake Mapazi