Pamene Mkonono Wati Zii

Oldbury,
England.

Okondedwa achemwali anga Anita,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo lija limakuvutani nthawi yozizira lili bwanji? Amayi ku Mponela akudzuka bwanji? Ife kuno tili bwino ndithu. Mlamu wanu Chrissy akupitabe ku ntchito, Aiden watalika mpaka kundipitirira, ndipo Zara akadali ndi khalidwe lake lomwe lija: ukamulankhula m'Chichewa amamva zonse, koma yankho limabwera m'Chingerezi.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pa foni mumandidula mawu ndi kuseka, ndipo nkhani ndili nayoyi ikuyamba ndi chinthu chimene kwathu timachiseka. Ndi nkhani ya mkonono.

Mukudziwa kuti mkonono ndi chuma chimene malemu abambo anatisiyira ine ndi mng'ono wathu Limbikani. Mukukumbukira anthu a pamudzi akunena kuti wakuba sangayandikire nyumba yathu poti m'katimo mumagona mkango? Abambo ankanyadira, ankati timeneto ndi tulo ta munthu amene wagwira ntchito. Inenso Chrissy akadandaula ndinkamuyankha chomwecho.

Chaka chatha ndinayamba kutopa kwachilendo. Paja ndimagwira shifiti ya usiku pa chipatala cha ku Bordesley Green, choncho tulo tanga ndi ta masana. Ndinkagona mokwanira, koma podzuka mutu ukuwawa, kukamwa kuli gwa, thupi ngati ndamenyedwa. Ndinkasinza m'tchalitchi, ndinkasinza ndikudya, ngakhale pa maloboti galimoto ikangoima pang'ono. Ndinkati ndi ukalamba ndi kuzizira kwa kuno.

Tsiku lina Chrissy sanapite ku ntchito, ndiye ankasita zovala m'chipinda ine ndili m'tulo. Akuti mkonono unalira monga mwa masiku onse, kenako unangoti zii. Atayang'ana anaona chifuwa changa chikukankha, koma mpweya osalowa. Akuti anaima ndi simbi m'manja, nesi wathunthu wa zaka zambiri pa ntchito, mpaka ndinadzidzimuka ngati munthu amene wavuuka m'madzi, n'kupitiriza tulo osadziwa kanthu. Malaya anga a ku tchalitchi anapserera tsiku lomwelo.

Atandiuza ndinakana kwa mtuwagalu. Ulendo wotsatira sanakangane nane, anangondijambula pa foni. Achemwali, kudziona wekha ukulimbana ndi mpweya, pakamwa pali yasa, maso ali otseka, ndi chinthu china. Ndinavala nsapato ndekha kupita kwa dokotala.

Anandipatsa tizipangizo togona nato kunyumba, kena pa chala, kena pamphuno. Zotsatira zitabwera ndinakhala pansi. Ndinkasiya kupuma kambirimbiri pa ola limodzi lokha. Akuti munthu akagona njira ya mpweya kummero imatsekeka, ndipo thupi limangodzidzutsa lokha pang'onopang'ono kuti lisafe, mwini wake osadziwa. Amati matenda obanika kutulo. Ine amene ndimachezera kuyang'anira kapumidwe ka anthu ena, kanga komwe sindinkakadziwa. Anandiletsa kaye kuyendetsa galimoto, ndipo Aiden anasangalala kwambiri kuona bambo ake akudikira basi ngati iye.

Chithandizo chake ndi makina aang'ono ngati wailesi ija ya abambo, okhala ndi payipi ndi masiki yovala pamphuno. Amangopemerera mpweya modekha kuti mmero usatsekeke. Masiku oyamba zinali zowawa. Masiki imene anandipatsa inali ya mphuno za kuno, zosongoka, osati mphuno yathu ya ku Mponela iyi. Mpweya unkathawira m'mbali n'kumandiuzira m'maso. Zara atandiona anati ndikuoneka ngati njovu, ndipo anaseka mpaka kugwa pansi. Ndinatsala pang'ono kuwabweza makinawo, koma a kuchipatala anandisinthira masiki ina yokwana bwino.

Tsiku loyamba kugona nayo bwinobwino sindidzaliiwala. Ndinadzuka chakumadzulo, kadzuwa kakulowa pawindo, m'mutu muli mbee. Ndinakhala pabedi ndikumvetsera thupi langa ngati la munthu wina. Kani anthu amadzuka chonchi? Kani zaka zonsezi anzanga akamati ndagona bwino ankatanthauza zimenezi? Ndinalira, achemwali, sindikubisirani.

Ndipo ndayambanso kulota. Sindinkadziwa n'komwe kuti ndinasiya. Posachedwapa ndinalota tili ana, tikukumba mbatata kumunda wa kuseri kwa sukulu, inu mukundikalipira kuti ndikuzitema ndi khasu. Ngakhale kumaloto simundisiya.

China chodabwitsa n'chakuti makinawa amalankhulana ndi foni. Ndikadzuka, foni imandiuza mmene ndapumira, ngati masiki inathawitsa mpweya, ndiponso ngati mmero unafuna kutsekeka. Mpweya umene Mulungu anatiuzira, umene sitiuganizira n'komwe, ndimauona utajambulidwa ngati mapiri ndi zigwa. Ndimangoyang'ana n'kumati Ambuye, ndinu wamkulu. Nditafotokoza zimenezi ku tchalitchi kwathu pa nthawi ya tiyi, azimayi angapo anatembenuka nthawi imodzi kuyang'ana amuna awo.

Kampani yopanga makinawa ili ndi tsamba lake pa intaneti, ndipo ndinalowapo ndili ndi funso limene linkandisowetsa mtendere. Ndinapeza zithunzi za anthu okongola atagona pa mapilo oyera, masiki ili kumaso, akumwetulira, tsitsi lili losalala. Ndani amagona choncho? Mawu otamanda makinawo analipo ambiri. Yankho la funso langa ndinalisaka mpaka maso kuwawa, osalipeza.

Mwezi watha a kampaniyo anaitana odwala angapo ku holo ina kuno ku Oldbury kuti tiwauze zimene timafuna kupeza pa tsamba lawolo. Ndinadabwa kuti kampani ingachite kufunsa odwala, koma ndinapita. Ankatsogolera ndi mtsikana wina wodekha dzina lake Shanice, ndipo ankamvetseradi. Mayi wina anati akufuna kanema wa munthu weniweni, wonenepa ndi wotopa ngati iyeyo, akuonetsa kamangidwe ka malamba a masiki. Bambo wina amene chipembedzo chake sichimulola kumeta anati palibe paliponse pamene analemba masiki yoyenera munthu wa ndevu. Wina anati iye angomupatsa nambala ya foni imene imayankhidwa ndi munthu. Ine ndinayamba ndi nkhani ya mphuno. Anthu anaseka, koma Shanice anagwira mphuno yake n'kunena kuti yakenso anatengera agogo ake a ku Jamaica, ndiye nkhaniyo waimva bwino.

Kenako ndinafunsa funso limene ndinapitira. Ndinati kodi magetsi akazima munthu ali ndi masiki kumaso chimachitika n'chiyani, ndipo kodi makinawa angayende kumene magetsi ali a apo ndi apo? Ambiri mu holomo sanandimvetse. Kuno magetsi akazima imakhala nkhani ya pa wailesi. Wina anandifunsa mwaulemu ngati ndimakonda kukagona kutchire pa tchuthi.

Amene anandimva ndi mdala wina dzina lake Albert. Iyeyu sakhala m'nyumba. Amakhala m'boti lalitali lopyapyala pa ngalande za madzi zimene zinadutsa m'tauni muno, zimene kale ankanyamulirapo malasha. Anati kwake kulibe waya wa magetsi. Makina ake amayendera batire ya botilo, imene imatchajidwa ndi sola ya padenga, ndipo pali kachingwe kapadera kolumikizira. Anati moto ukatha sufa ayi, poti masiki ili ndi popumira, umangodzuka, koma kubanika kuja kumabwerera pomwepo. Anatinso zinamutengera nthawi yaitali kuti adziwe za kachingweko, chifukwa pa tsambalo anakaika pansi penipeni, pa gawo la anthu opita kutchuthi. Shanice anavomera kuti anali asanaganizepo kuti pali anthu amene batire kwa iwo si ya tchuthi, ndipo anati akakambirana ndi anzake kuti nkhaniyo ikhale poonekera.

Tikutuluka, Albert ananditengera ku boti lake kukandionetsa. Ndinawerama kulowa pa kakhomo kake, n'kuona makina ofanana ndi anga ali pambali pa bedi, ndipo pansi pake pali batire ngati ya lole. Ndinaima pamenepo, pakati pa England, m'nyumba yoyandama ya munthu amene ndinali ndisanamuonepo. Ndikudziwa kuti mwazindikira kale amene ndinkamuganizira.

Koma ndisanafike kwa Limbikani, imvani izi. Madzulo omwewo ndinaimbira amayi, n'kuwafunsa mwanthabwala kuti ankagona bwanji pambali pa mkango uja zaka zonse zija. Anati phokoso silinkawavuta, linali ngati mvula padenga. Chimene chinkawadzutsa ndi pamene phokosolo lasiya. Akamva kuti zii, ankawagunda abambo ndi chigongono m'nthiti, abambo n'kupuma, iwo n'kugonanso. Anati ankachita zimenezi kuyambira atangolowa m'banja, ndipo sankaona ngati ndi nkhani yoti n'kuuza munthu. Anati n'chifukwa chake kumaliro sankagonako ngati azimayi anzawo, ankazemba kubwerera kunyumba, ndipo misonkhano ya Mvano yokagona komweko ankaikana.

Mukukumbukira mmene anthu ankawanenera? Ankati mayi uja ndi wonyada, sagona pa maliro a anzake. Ife tomwe tinkawaseka kuti ali ndi nsanje, safuna kuwasiya okha abambo. Taganizani, achemwali. Ntchito imene makina awa amagwira ndi magetsi, amayi athu anaigwira ndi chigongono, ali m'tulo, ukwati wawo wonse, n'kumasenzanso miseche pamwamba pake. Sindinganene kuti kubanikako ndi kumene kunabweretsa kuthamanga kwa magazi ndi sitiroko imene inawatenga abambo. Koma madokotala kuno amati zinthuzi zimayenderana.

Tsono Limbikani alibe womugunda. Amagona yekha m'lole pa msewu wa ku Beira. Munandiuza za ngozi ija, pamene lole yake inalowa m'ngalande cha ku Dedza, iye n'kunena kuti ankazemba mbuzi. Mwina inalidi mbuzi. Koma inenso pa maloboti paja, akanati andifunse, ndikanapeza mbuzi yanga. Mantha ake ndikuwamvetsa, chifukwa dalaivala akavomera kuti amasinza pa chiwongolero amaona ngati ntchito yathera pomwepo. Ndikamufunsa pa foni amangoseka, amati achimwene mwayamba matenda a Azungu. Ine ndikuopa, achemwali. Ndikuopa kuti tsiku lina mbuzi ija idzakhala basi yodzaza ndi anthu.

Pempho langa ndi limodzi. Lamlungu akabwera kwanu kudzadya, ndikudziwa kuti amagona pa sofa ya pabalaza ija musanachotse n'komwe mbale. Musamuthamangitsire kuchipinda, ndipo ana muwauze asamuseke. Mukhale pafupi ndi foni yanu, mumujambule, chifuwa chizioneka. Kanemayo munditumizire ndikaonetse madokotala kuno. Ndayamba kale kufufuza dokotala kumudziko amene angamuyeze bwinobwino, poti makinawa sangoperekedwa ngati panado. Zikapezeka kuti ndi zomwezi, za makina ndi kachingwe mundisiyire ine. Batire amayenda nayo kale tsiku lililonse.

Iyeyonso mumuonetse kanemayo, muli awiriwiri, alamu palibe. Mawu munthu amakana, koma chifuwa chake sangachikane. Mumuuze kuti ine galimoto ndayambanso kuyendetsa, ndipo palibe amene wandichotsa ntchito. Akakwiya mumukumbutse kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana nonse pakhomopo, kwa azakhali a ku Kawale ndi kwa amalume ndi banja lawo. Chrissy akupereka moni wambiri. Aiden ndi Zara nawonso akupereka, m'Chingerezi. Amayi ndiwaimbiranso ndekha, koma mukapita ku Mponela mukawagwire chigongono chija m'malo mwanga, ngakhale akakufunseni ngati mutu wanu ukuyenda bwino.

Ndipo Lamlungulo, achemwali, musavutike ndi mkonono. Umenewo tonse tikuudziwa. Mutchere khutu pamene wasiya. Akati zii, mujambule pang'ono pokha, kenako mumugunde m'nthiti monga ankachitira amayi.

Ambuye akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Willard