Ndinkawapatsa mkaka, koma akuti mapapo awonongeka

Aphungu,

Ine sukulu sindinapiteko, ndiye akulemba apa ndi mpongozi wanga, ine ndikungoyankhula. Mundipirire, nkhani ndimaiyambira patali.

Ndili ndi galaja yowongola ndi kupenta magalimoto. Ntchitoyi ndinaiphunzira ndili mnyamata kwa bwana wina amene anatisiya kalekale. Iyeyo ndi amene anandiuza kuti munthu akapopera penti azimwa mkaka, umatsuka m'chifuwa. Mawu amenewo ndinawasunga. Dzuwa likapendeka mkaka umafika pagalaja, wantchito aliyense kapu yake. Anzanga a magalaja ena ankandiseka, amvekere, "Madala, mwatsegula sukulu ya mkaka kodi?" Ine ndinkangoti asekeni, ana angawa ndikuwasamala.

Popoperapo ndi kachipinda kakumbuyo. Zenera tinalitseka ndi makatoni kuti fumbi lisagwere pa penti yaiwisi, chitseko nachonso timatseka. Wopopera wathu wamkulu timamutchula kuti Kompresa, chifukwa akamapuma m'chifuwa mwake mumalira ngati makina athu a mpweya. Tinkaseka, iyenso ankaseka. Akatsokomola ndinkati, "Muonjezereni kapu ina uyu."

Mwezi watha anagwa, chopopera chili m'manja. Kuchipatala adokotala, mayi wachichepere ndithu, anandifunsa kuti amavala chiyani kumaso akamagwira ntchito. Ndinati kansalu, koma musade nkhawa, mkaka sadumphitsa. Aphungu, mayi aja anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana. Kenako anati, "Bambo, mkaka umapita m'mimba. Penti imapita m'mapapo. Sizikumana." Ndinakhala pa simenti pomwepo, anthu akundilambalala. Zaka zonsezi, inu! Akuti mapapo ake sadzabwereranso mwakale. Mkazi wake ndikamupatsa moni amayang'ana kumbali.

Pasanapite nthawi kunabwera a boma oyendera malo a ntchito. Anaona kachipinda kaja, anaonanso ngalande yakuseri imene timakhuthuliramo zotsukira penti, n'kutiletsa kupopera mpaka titakonza. Tsono mwana wanga wachisamba akuti, "Adadi, amenewo sabweranso msanga. Chitseko timatseka kale, ndani atione?" Woti alowe m'kachipindamo ndi mng'ono wake wa Kompresa, ndipo wavomera, chifukwa ana a mkulu wake tsopano akudya kwa iye. Magalimoto ali mbwee pabwalo, eni ake foni sakuipumitsa. Ndimulowetse? Ndikapanda kutero tidya chiyani?

G.N.B.

Bambo G.N.B.,

Ayi. Musamulowetse, ngakhale kwa galimoto imodzi.

Kalata yanu ndaiwerenga nditagwira pakamwa. Za mkaka sindikudabwa kwambiri, ambiri anaphunzitsidwa choncho, ndipo inu munkapereka ndi mtima wabwino. Chandidzidzimutsa n'chakuti munthu wagwa, adokotala anena, boma laletsa, koma pakhomo panu mukukambiranabe zotsekera wina m'chipinda chomwecho. Mwana wanuyo mumufunse ngati angalowemo iye mwini. Mumve yankho lake.

Mawa m'mawa valani jekete, mutenge mpongozi wanuyo, mupite nokha kwa oyendera aja. Musadikire kuti akupezeni. Akuuzeni chimodzichimodzi choti mukonze, mpongozi azilemba, ndipo muwapemphe kuti adzaone mukamaliza. Makatoni aja achoke, muike chokupizira chokokera mpweya woipa kunja. Kansalu si chitetezo. Wopopera amafunika masiki eniake okhala ndi sefa yosintha, magalasi ndi magolovesi, ndipo wogula zimenezi ndi inu olemba ntchito, osati iye. Zotsukira penti muzisunga m'migolo yotseka, mufunse komweko kuti zimatayidwa kuti. Ngalande yanuyo sithera pampanda panu, ikudutsa m'makomo mwa anthu.

Za chakudya ndakumvani. Kuwongola sanakuletseni, choncho nyundo zisaime. Magalimoto ofunika penti mupite nawo kugalaja ina imene ili ndi chipinda choyenera, mugawane ntchito mpaka chanu chitakonzeka. Phindu lichepa, koma galaja ikhala yotsegula. Eni magalimoto auzeni zoona. Ena akwiya n'kutenga galimoto zawo, asiyeni atenge.

Onse amene analowapo m'kachipindamo akapimidwe kuchipatala, kuyambira inuyo. Ku ofesi ya zantchito mukafotokoze za matenda a mnyamata wanu, mufunse za chipukuta misozi chake, musayembekeze kuti mkazi wake achite kukusumirani. Kunyumba kwake muzipitabe ngakhale moni sakuyankhidwa. Ndipo dzina lija la Kompresa lithe. Chimene munkaseka chinali matenda.

Chenjerani, bambo. Mkuluyo anadwala inu musakudziwa, ndipo mwina tsiku lina banja lake lidzakumvetsani. Koma mng'onoyu mukamulowetsa, chitseko mukhala mwatseka ndinu, mukudziwa zonse.

Aphungu