Njanji Inalambalala Doko la Abambo

Ardith, Nebraska
3 Okutobala 1887

Okondedwa achemwali Orpha,

Ndisanalowe m'zambiri, pali zinthu zitatu zoti timvane. Choyamba, pepala limene ndaika m'kalata muno mulisunge bwino, lisanyowe, chifukwa likudikira dzina lanu pansi pa langa. Chachiwiri, abambo musawalembere musanandiyankhe ine. Chachitatu, alamu anga a Wendell asaione kalatayi. Pakamwa pawo mukupadziwa.

Tsono muli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinakusiyani? Nanga ana? Kuno ine ndi mkazi wanga Lavina tilipo, kungoti chakudya sichikundilowa.

Pamene munkachoka, Doko la Tarbell linali ndi nyumba makumi atatu ndi ziwiri, ndipo ngolo zinkachita mzere kudikira bwato la abambo. Lero yatsala nyumba imodzi, yawoyo. Njanji yadutsa mamailosi anayi kumpoto. Kampani inadula mapuloti pomwe inaimika thanki ya madzi, n'kutcha malowo Ardith, dzina la mwana wa bwana wina amene sanapondepo phazi kuno.

Anthu sanachedwe. Anakweza nyumba zawo pamitengo n'kuzikoka ndi ng'ombe kudutsa m'tchire. Sitolo ya a Kessler inayenda masiku atatu, eni ake akugulitsa shuga pawindo. Tchalitchi chinapita belu likulira lokha. Abusa atapempha ng'ombe za abambo kuti zithandize kukoka, abambo anati Mulungu akafuna kusamuka adzikoke yekha.

Tsopano anthu omwe ankawoloka ulere pabwato la abambo amawatcha meya wa ankhandwe. Akangowaona, a Kessler amavula chipewa n'kufuula kuti, "Bwana meya, msonkhano wadzulo unayenda bwanji? Ankhandwe avomera msonkho?" Onse pakhonde pa sitolo amafa nazo. Inenso tsiku lina ndinaseka nawo, chifukwa bwana wanga, a Dunmore, anali pambali panga akuseka.

Mukudziwa kuti amene anakhoma zikhomo za njanjiyi ndine. Chimene simukudziwa ndi ichi. Ndinayeza njira ziwiri, ya padoko ndi ya kumpoto. Tsiku loyeza ya padoko antchito anga awiri anadwala, ndiye abambo anandigwirira ndodo yoyezera kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nambala iliyonse ndinkaitchula mokweza, iwo n'kumaibwereza monyadira, akuti ng'ombe zimene anagulitsa pondipititsa ku koleji zabereka.

Achemwali, njira ya padoko inali yabwino kuposa inayo. Ndi yosalala, mlatho wake ndi waufupi, ndipo panalibe chitunda choti n'kuchiboola. Ndinawerengera kasanu ndipo kasanu konse inatuluka chimodzimodzi.

Koma sabata yomweyo a Dunmore anandifunsa pamaso pa anzanga ngati Tarbell wa padokoyo ali m'bale wanga. Nditavomera, anamwetulira n'kunena kuti ndiye njanji yapeza kale kwawo. Anzangawo anaseka. Ndinaopa kuti adzati ndakokera njanji pakhomo pa abambo anga, ndiye ndinakweza nambala zitatu za njira ya padoko m'lipoti, buku la miyeso n'kuliponya m'mbaula. Ndinkati doko silingafe chifukwa cha mamailosi anayi okha.

Abambo nambala zija sanaiwale. Tsiku lililonse masana amabwera pahatchi kusiteshoni atanyamula satifiketi yanga ya ku koleji ija inkapachikidwa kukhoma kwawo. Aliyense wotsika sitima amamuonetsa, n'kumuuza kuti kampani yataya chaka chathunthu ikuboola chitunda pachabe, ndipo yemwe anainamiza ndi mwini dzina ili. Kenaka amalakatula nambalazo, osaphonya ndi imodzi yomwe. Ine ndimamva zonse ndili muofesi, nditatseka chitseko.

Lolemba lapitali a Dunmore anandiitana. Akuti mdala wako uja kaya wapenga, kaya akunena zoona, ndipo ngati akunena zoona atumiza munthu wina akayezenso. Akayezanso, achemwali, palibe kampani ya njanji m'dziko lino imene idzandilembenso ntchito. Lavina ndi woyembekezera, mwezi wake ndi Januwale.

Ndinayankha kuti apenga.

Dokotala wa kuno anawaona kamodzi, chapatali. Akuti munthu wopalasa bwato lopanda kanthu tsidya ili ndi tsidya ilo m'mawa uliwonse safunikanso kumuyeza. A Kessler ndi abusa alonjeza kuchitira umboni. Koma woweruza wati munthu wodziwika ngati abambo sangamutumize ku chipatala cha amisala popanda mayina a ana ake onse awiri. Langa ndalemba kale.

Dzulo ndinapita kudoko kukawauza ndekha, chifukwa si bwino kuti amve kwa ena. Ndinawapeza akupaka phula bwato. Anamvetsera mpaka pamapeto osasiya ntchito. Kenaka anandifunsa kuti, iwe Lemuel, misala yangayi waiyeza kangati, kasanunso? Ndiye anati ngati apite, ndiwatengere pangolo ngati munthu, sitima yangayo sakwera. Ndafufuza: pangolo ndi masiku asanu, ndipo chisanu chayandikira. Pasitima ndi maola asanu ndi awiri. Adzapita pasitima. Akakana kukwera, wapolisi wati ali ndi zingwe zofewa.

Mwina muti abwere kwa inu. Ndinaziganiziranso zimenezo. Sangakhale, adzabwerera mwezi usanathe, ndipo mawu awo adzakhala a munthu wabwinobwino. Chimene ndikufuna ndi chakuti mawu awo asakhalenso ndi kanthu. Ndalemba mosabisa kuti musadzanene kuti ndinakunamizani.

Sanapenge, achemwali. Mutu wawo ndi wakuthwa kuposa wanga. Koma iwo ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, ine makumi anayi ndi chimodzi. Lembani dzina lanu ndi inki yakuda, pamzere wachiwiri, lonse monga lilili pasatifiketi ya ukwati.

Mulungu akusungeni nonse. Mundiperekere moni kwa ana ndi kwa azakhali a Philura, koma za abambo mungowauza kuti ali bwino.

Woweruza akhala pa 24 mwezi uno, ndipo kalata imayenda masiku asanu ndi limodzi. Chonde yankho lanu linyamuke tsiku lomwe mwalandira ino.

Ndine mlongo wanu,
Lemuel Tarbell